Maiki athu opanda waya akumadula mawu, kodi ndi nkhani ya frikwensi?

Nachisale_sound:
Abale ndithandizeni. Ndimayang'anira zokuzira mawu za kwaya yathu ndipo tili ndi maiki anayi opanda waya omwe tinagula akagwiritsidwakale ntchito pa intaneti, mtengo wake unali wotsika kwambiri moti tinkaona ngati tachita mwayi. Kwa zaka ziwiri ankagwira bwinobwino koma pano woyimba akafika pakati pa nyimbo mawu amangoti zii, kenako phokoso ngati mvula pa malata. Mabatire ndasintha, ma antena ndasintha, palibe. Chomwe chikundidabwitsa nchoti ngakhale maiki onse ndazimitsa, magetsi a RF (osonyeza mphamvu ya siginolo yomwe ikulowa) pa risiva, kabokosi kolandira mawu a maiki, amakhalabe oyaka mpaka pamwamba. Kumbuyo kwake kuli kastika kolembedwa 740–752 MHz. Ndatopa ndithu, oyimba akuona ngati ineyo ndi amene sindikudziwa ntchito.

Mjomba_wa_mikisa:
Achemwali pepani, maikiwo sanafe ayi. Magetsi akayaka maiki ali ozimitsa ndiye kuti pali wina wamphamvu amene akuwulutsa pa frikwensi yanuyo, ndipo ndi manambala mwatchulawo ndikukaikira nsanja ya netiweki ya mafoni. Kale dera la mafrikwensi limenelo linali la TV, maiki ankangolowa m'mipata yomwe ma tchanelo asiya. Ndiye TV itasamukira ku dijito malo ambiri anatsala ndipo maboma anawapereka ku makampani a mafoni. Ku America bungwe loona za mafrikwensi la FCC linaletsa maiki pa 698–806 MHz kuyambira June 2010, kenako atagulitsa dera la 600 MHz mu 2017 pamtengo wa madola pafupifupi 20 biliyoni, anthu anapatsidwa mpaka July 2020 kuti achokemonso. Nchifukwa chake zida zoterezi zinadzaza pa intaneti motchipa, eni ake ankangozitaya.

Nachisale_sound:
Iii ndiye kuti tinagula zinthu zoti anzathu anazikana kale? Nanga si lamulo la ku America lokha limenelo?

Mjomba_wa_mikisa:
Si kokha ayi. Misonkhano ya ITU, bungwe la United Nations loona za mafrikwensi, ya 2012 ndi 2015 inatsegula 694–790 MHz kuti mafoni azigwiritsa ntchito ku Ulaya, Africa ndi Middle East, Britain inamaliza kusamutsa anthu mu 2020. Dziko lililonse limayamba nthawi yake, mwina kwanuko nsanjayo angoiyatsa kumene. Funsani bungwe loona za mafrikwensi m'dziko lanu akuuzeni dera lololedwa komanso ngati pakufunika layisensi, chifukwa inu mukasokoneza netiweki wolakwa ndinu, koma iwo akakusokonezani mulibe kokadandaula.

Chimwemwe88:
Apa ndi pomwe zimandiwawa ine. Maiki amatulutsa mphamvu yochepa zedi, mwina 10 kapena 50 milliwatts, angalimbane bwanji ndi nsanja? Ndipo amene amavutika ndi ife a matchalitchi, masukulu, magulu a zisudzo, anthu oti tinasonkherana kuti tigule chidacho. Ku Britain boma linathandizako eni zida ndi ndalama zosinthira, koma zinali makamaka za omwe anali ndi layisensi. Intaneti ya pafoni tonse timaifuna sindikukana, ndikulemba panonso ndi foni, koma posamutsa anthu bwenzi akulengeza mokwanira osati munthu kudzadziwira pa siteji mkwatibwi akulumbira mawu nkuduka ngati mmene zinandichitikira ine.

Bambo_Tech:
Mayi, musataye nthawi ndi scan yofufuza frikwensi yopanda phokoso, risiva yanu imangoyendayenda mkati mwa 12 MHz yomweyo ndiye kothawira kulibe. Mukamagula ena yang'anani omwe ali pakati pa 470 ndi 608 MHz, koma onaninso ma tchanelo a TV omwe akuwulutsa komwe muliko kuti musagundane nawo. Aliponso a 2.4 GHz osafuna layisensi m'maiko ambiri, kungoti amalimbirana malo ndi Wi-Fi, holo ikadzaza aliyense ndi foni m'thumba nawonso amatha kuvuta, ndiye risiva muziyiika pafupi ndi siteji kutali ndi rauta. Pa maiki anayi okha akhoza kukwanira.

Nachisale_sound:
Zikomo kwambiri nonse. Lamlungu lino ndibwezeretsa kaye maiki a waya kwa otsogolera nyimbo awiri, ndipo komiti ndikaionetsa kastika kaja ndi maso chifukwa pongowauza pakamwa sakhulupirira kuti tikufunika kugula ena.