Funso: kusiyanitsa ntchentche yoluma ndi ntchentche wamba ya m'nyumba

Akuluakulu, thandizeni pa ntchentche ziwiri zofanana kwambiri. Ntchentche wamba ndi yotuwa, yotalika mamilimita 6 mpaka 7, ili ndi mizere inayi yakuda pamsana, ndipo mlomo wake ndi wofewa, wongonyambita. Inayo, yoluma ija, yomwe dzina lake la sayansi ndi Stomoxys calcitrans, kukula ndi mtundu n'chimodzimodzi, koma ikatera mlomo wake wolimba umaloza kutsogolo ngati singano. Ndiyo imaluma anthu m'miyendo masana n'kutulutsa magazi kunsonga kwa makutu a agalu. Ambiri amaiyesa kashembe, pomwe kashembe akatera amasanjikiza mapiko ngati sizasi yotseka.

Vuto lili pa mphutsi. Yolumayi imaswana m'ndowe zosakanikirana ndi udzu wonyowa kapena madeya otayika, pomwe wamba amaswana ngakhale kudzala. Kodi pali njira yosiyanitsira mphutsi zake ndi maso okha, popanda maikulosikopu?

Funso lina: nyengo ya mvula, ngati khola la ng'ombe lili pafupi ndi khitchini, kuchotsa ndowe kamodzi pa sabata n'kokwanira, kapena mulu wa manyowa uzifundidwanso ndi pepala lakuda la pulasitiki? Mankhwala opopera amangopha zouluka, mphutsi n'kutsala.