Mayi anga tulo sakutiona, ndithandizeni nzeru

Moni nonse abale. Mayi anga, a zaka 61, amakhala kumudzi ku Ntchisi. Chimwalirireni bambo, amagona maola atatu basi, tambala woyamba amalira iwo atakhala kale tsonga pamphasa. Masana amangoti ndwii pakhonde. Kumunda anasiya, nsima amangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Chonsecho kale sankajomba kukwaya.

Tinawasiyitsa tiyi wamadzulo, abusa anabwera kudzapemphera, kuchipatala chaching'ono anawayeza malungo ndi BP, zonse zili bwino. Palibe chikusintha.

Kodi kusowa tuloku ndi kumene kukuwadwalitsa maganizo, kapena maganizowo ndi amene akuwalanda tulo? Tiyambire kuchipatala cha boma, kapena tipite nawo ku St John of God, chipatala cha matenda a maganizo ku Lilongwe? Amene munasamalirapo kholo lotere, munatani?