Amayi asiya mankhwala a BP, nditani?

Mwana wa ku Santhe: Abale ndithandizeni. Amayi anawapeza ndi BP ya 168/100, kuchipatala anawapatsa mapiritsi a HCT ndi amlodipine. Mutu utangoleka kuwawa, mapiritsi anawaponya m'kabati, akuti achira. Panopa akungomwa madzi a adyo. Tulo sindikupeza.

Namwino wopuma, Mtunthama: Mwananga, BP sipola ngati malungo. Mankhwala amangoyitsitsa, ukasiya imakweranso, nthawi zambiri osamva kalikonse, kenako sitiroko kapena impso kuwonongeka. Adyo sangalowe m'malo mwa mankhwala. Pita nawo akayezetse sabata ino, bukhu lakuchipatala musaiwale. BP iyenera kutsika pansi pa 140/90. Ngati amlodipine akuwatupitsa mapazi, auzeni adokotala awasinthire, osangosiya okha.

Mayi wa ku Chamama: Achimwene, yang'ananinso kukhitchini. Mchere wa tsiku lonse usapose kasupuni kamodzi ka tiyi, magalamu 5. Soda wa m'therere ndi makyubu amakwezanso BP. Ine mbale ya mchere ndinaichotsa pamphasa, ndiwo ndimakometsera ndi nsinjiro ndi tomato.

Mwana wa ku Santhe: Zikomo amayi nonse. Lachiwiri ndiwaperekeza ndekha.