Kugona Loweruka ndi Lamulungu ku Gurye tisanakwere phiri la Jirisan: ndikupempha malangizo

Woperekeza alendo wa ku Chembe analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ine ndimakhala ku Chembe, kumene ntchito yanga ndi yoperekeza alendo m'mapiri ozungulira Cape Maclear ndi pazilumba za Thumbi ndi Domwe. Mng'ono wanga akuphunzira ku Gwangju, m'dziko la South Korea, ndipo wandiitana kuti ndikamuone m'mwezi wa Okutobala. Podziwa kuti mkulu wake sakhalitsa pampando, wakonza zoti tikayende pansi kwa sabata imodzi m'zigawo zina za njira yotchedwa Jirisan Dullegil, imene imazungulira phiri la Jirisan, kuyambira cha ku Namwon mpaka tikafike m'katawuni ka Gurye Lachisanu madzulo. Iye akufuna kuti tikakhale m'katawuniko Loweruka ndi Lamulungu, kenaka Lolemba tikakwere ku Nogodan, imodzi mwa nsonga za phiri la Jirisan.

Apa ndi pamene tasemphana maganizo. Tikiti ya ndege yadya ndalama zimene ndakhala ndikusunga kwa zaka zingapo, ndipo sindikuona chifukwa chotayira masiku awiri athunthu m'katawuni kakang'ono pamene phiri lili pomwepo likundiyang'ana. Kodi alipo wina wa kuno kwathu amene anafikako ku Gurye, amene angandiuze ngati mulidi choti munthu aimire? Ndifunsenso za chakudya, chifukwa ndine Msilamu ndipo ndamva kuti nyama ya nkhumba imapezeka ngakhale m'zakudya zimene munthu sangaziganizire, komanso za malo ogona ndi kuzizira kwa nyengo imeneyo.

Mphunzitsi wa ku Malindi anayankha kuti:

Achimwene, mng'ono wanu wakonza bwino, ndipo ndikukupemphani kuti pankhani iyi mumumvere ngakhale ali wamng'ono. Ine ndinaphunzira ku Korea zaka ziwiri ndipo ku Gurye ndinapitako katatu. Chifukwa choyamba n'chakuti Akoreya amakonda kukwera mapiri kwambiri, moti Loweruka ndi Lamulungu mabasi odzaza magulu a okwera mapiri amafika kuchokera ku Seoul, ku Busan ndi ku Gwangju komweko, makamaka mu Okutobala pamene masamba a mitengo ayamba kufiira. Jirisan ndiyo paki yoyamba ya dziko lawo, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1967, ndipo anthu amailemekeza. Mukakwera Loweruka mudzayenda pamzere ngati anthu opita kokagula feteleza, pamene Lolemba njira imakhala yanu.

Koma chifukwa chenicheni ndi msika. Ku Gurye tsiku la msika silitsata masiku a sabata monga timachitira kuno, kumene timadziwa kuti msika wakuti ndi wa Lachiwiri kapena Loweruka. Kumeneko msika umakumana masiku asanu alionse, pa madeti otha ndi 3 kapena 8, kutanthauza pa 3, 8, 13, 18, 23 ndi 28 mwezi uliwonse. Yang'anani pa kalendala, ndipo ngati n'kotheka sunthani ulendo wanu ndi tsiku limodzi kapena awiri kuti Loweruka kapena Lamulungu lanu ligwe pa deti limodzi mwa amenewa. Tsiku lopanda msika malo aja amakhala zii, koma tsiku la msika agogo aakazi amatsika m'midzi ya m'mphepete mwa phiri pa basi yoyamba, n'kuyala pansi timabeseni ta masamba ouma a kuphiri, bowa, mizu ya mankhwala, tsabola wofiira wouma ndi zipatso za persimmon zimene zimapsa nyengo imeneyo. Ine ndinaima nthawi yaitali pamaso pa mayi wina wogulitsa tinsomba touma totchedwa myeolchi, atatisanja m'makatoni malinga ndi kukula kwake, chifukwa maonekedwe ndi fungo lake zinali za usipa weniweni wapathandala. Tinalephera kumvana chinenero, koma nditamuonetsa pafoni chithunzi cha usipa woyanikidwa pagombe la ku Malindi anaitana anzake atatu kuti adzaone, ndipo pomaliza anandiwonjezera dzanja lathunthu la basela.

Pamene mukuyenda mumsikamo mukumbukire kuti mu Ogasiti 2020 mtsinje wa Seomjin unasefukira ndipo msika wonsewo unamira pamodzi ndi mbali yaikulu ya tawuni. Pa nthawi imeneyo ng'ombe pafupifupi 10 zinathawa madzi n'kukwera phiri la Osan mpaka kukafika pa kachisi wamng'ono wa Saseongam, amene anamangidwa atamatirira kuthanthwe pafupi ndi nsonga. Ife amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita m'chigawo cha kumwera mu 2023 timamva nkhani imeneyi mosiyana ndi mlendo wamba. Ku Saseongam mukhoza kupitako masana mutachoka kumsika, ndipo muli pamwambapo mudzaona mtsinje ukukhotakhota pakati pa minda ya mpunga yachikasu yodikira kukolola, kutsidya kwake kuli Jirisan yense.

Tsiku linalo mulipereke kwa kachisi wa Abuda wa Hwaeomsa, amene ali m'tsinde mwa phiri, ulendo waufupi wa basi kuchokera padepoti ya m'tawuni. Mbiri yake imati anakhazikitsidwa m'chaka cha 544. Anatenthedwa pa nkhondo imene Japan inachita ndi Korea pakati pa 1592 ndi 1598, ndipo nyumba yake yaikulu yamatabwa yotchedwa Gakhwangjeon inamalizidwa mu 1702. Kutsogolo kwake kuli nyali yosema pamwala yotalika kupitirira mamita 6, ndipo mukakwera masitepe a kumbuyo mudzapeza chipilala chamiyala chimene chasenzedwa ndi mikango inayi. Kuyambira mu Meyi 2023 sakulipiritsanso pakhomo. Njira yakale yokwerera ku Nogodan imayambira pakachisi pomwepa, ndipo kwa munthu wozolowera mapiri ngati inu, imeneyi ndiyo ndingakusankhireni Lolemba.

Namwino wa ku Monkey Bay anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi pa nkhani ya msika, koma ndiwonjezere zimene zinandigwera ine kuti zisakugwereni. Ndinapita ku Gurye kamodzi kokha, pa sitima yapamtunda yochokera pa siteshoni ya Yongsan ku Seoul, ndipo ndinatsika pa siteshoni yotchedwa Guryegu ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndafika m'tawuni. Dzinalo limatanthauza khomo lolowera ku Gurye, ndipo siteshoniyo ili kutsidya kwa mtsinje wa Seomjin, m'dera la Suncheon, makilomita angapo kuchokera pakati pa tawuni. Kunali kutada, kabaza kulibe, ndipo mapu a Google a pafoni yanga sankandionetsa njira ya woyenda pansi. Ndinakhala pabenchi ndikunjenjemera mpaka bambo wina wachikulire anandiitanira takisi. Muike Naver Map kapena KakaoMap pafoni musananyamuke kuno. Inu mudzalowa m'tawuni wapansi kapena pa basi, koma pobwerera nkhani ya siteshoniyi idzakukhudzani.

Za kuzizira musazipeputse. Munthu wochoka ku Mangochi mu Okutobala, pamene timagona pakhonde chifukwa cha kutentha, thupi lake silikhala lokonzeka. M'tawuni masana kumakhala bwino ngati Juni wa kuno, koma Nogodan ndi wotalika mamita 1,507 ndipo m'mawa mphepo yake imalasa. Mudzanena kuti Sapitwa wa ku Mulanje ndi mamita 3,002 pamene nsonga yaitali ya Jirisan, Cheonwangbong, ndi mamita 1,915 okha, koma Korea ili kutali kumpoto ndipo kuzizira kwake sikuyezedwa ndi kutalika kwa phiri kokha. Mugule jekete yotchinga mphepo, chipewa chofunda makutu ndi magolovesi.

Pa njira yokwerera ndikusiyana nawo aphunzitsi. Njira ya ku Hwaeomsa ndi masitepe amiyala kwa maola angapo, ndipo chakumapeto kuli chitunda chotchedwa Kojae, chimene amati anachitcha choncho chifukwa mphuno ya wokwera imatsala pang'ono kugunda pansi. Inuyo mwina mungathe, koma mng'ono wanu amene amakhalira mabuku adzakhala atayenda kale masiku angapo. Pali basi yochokera ku Gurye imene imakwera mpaka ku Seongsamjae, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,100, ndipo kuchokera pamenepo ndi ulendo wa ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Kuti mufike pansonga penipeni pa Nogodan pamafunika kulembetseratu pa intaneti ku bungwe loyang'anira mapaki a dzikolo, chimodzimodzinso malo ogona a paphiri ngati mungafune kupitiriza pamsana wa phiri, umene ndi makilomita 25.5 kukafika ku Cheonwangbong. Mng'ono wanu achite zimenezi msanga. Musachoke m'njira yovomerezeka, chifukwa kuyambira mu 2004 anayamba kubwezera zimbalangondo m'nkhalango ya Jirisan, ndipo zinyalala zanu zonse mudzatsike nazo m'chikwama.

Pogona funsani minbak, zimene ndi zipinda zobwereketsa pakhomo pa anthu. Nthawi zambiri mulibe bedi. Amakupatsani matiresi opyapyala oyala pansi, koma pansipo pamatenthedwa, ndipo mutayenda masiku ambiri msana wanu udzathokoza. Nsapato zimatsala pakhomo.

Mkulu wa ku Namwera anayankha kuti:

Asalaam aleikum, mwanangu. Anzanuwa afotokoza za njira, ine ndiyankhe za chakudya ndi mapemphero, chifukwa ndinakhalako ku Korea miyezi ingapo pa nkhani za malonda ndipo ndinafikanso m'matawuni a m'mphepete mwa Jirisan. Zimene munamva n'zoona. Nkhumba siibwera ngati nyama yapambale yokha. Imabisala mumsuzi, m'mapaketi ambiri a manudozi otchedwa ramyeon, ndiponso mu gimbap, mpunga wokulunga m'ndere za m'nyanja umene okwera mapiri amanyamula ngati kamba, momwe kawirikawiri amaikamo kachidutswa ka nyama yofiirira yokonzedwa kufakitale. Mng'ono wanu akulembereni papepala, m'zilembo zawo, mawu akuti dwaejigogi mot meogeoyo, kutanthauza kuti sindingadye nyama ya nkhumba, ndipo muzionetsa pepalalo musanakhale pansi, osati chakudya chitabwera kale, chifukwa kubweza mbale kumakhumudwitsa wophika kulikonse padziko.

Komabe kumudzi ngati ku Gurye simudzavutika monga mukuopera. Malo odyera ambiri a panjira yopita ku Hwaeomsa amaphika sanchae bibimbap, mpunga wosakaniza ndi ndiwo zamasamba za kuphiri, dzira ndi tsabola wonona, ndipo pena amakuyalirani timbale tambirimbiri ta masamba, bowa ndi tofu (chakudya chopangidwa ndi soya) moti tebulo limachepa. Chakudya cha amonke a pakachisi chilibe nyama kapena nsomba. Chakudya chimene anthu a kumeneko amanyadira ndi msuzi wa tinkhono ta mumtsinje totchedwa daseulgi. Ndikudziwa kuti ife a kunyanja tikamva za nkhono timaganiza za likodzo, ndipo ine ndinauyang'ana nthawi yaitali msuzi wobiriwirawo ndisanaulawe. Pamenepo mudzatsate mtima wanu ndi zimene munaphunzitsidwa. Chenjezo lina ndi chakumwa choyera ngati thobwa la mpunga chotchedwa makgeolli, chimene okwera mapiri angakupatseni mwaulemu wonse. Umenewo ndi mowa. Kanani ndi manja awiri ndi kumwetulira, ndipo mulandire chipatso kapena mbatata imene angakupatseni m'malo mwake.

Za swala, nyamulani mkeka wanu wopinda ndipo muziswali m'chipinda. Musaiwale kuti kuno timayang'ana kumpoto, koma muli ku Korea Makka ili chakumadzulo, mokhotera pang'ono kumpoto, ndipo nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 7 poyerekeza ndi ya kuno. Ngati mungakonde kulowa m'nyumba za pakachisi kuti muone mamangidwe, vulani nsapato ndipo mulowere khomo la m'mbali, popeza lapakati ndi la amonke. Palibe amene adzakukakamizeni kugwada. Imani chete m'mbali, musajambule anthu amene akupemphera, ndipo mutuluke mmene munalowera.

Woperekeza alendo wa ku Chembe anayankhanso kuti:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, achemwali ndi inu bambo. Ndayang'ana pa kalendala ndipo Loweruka lathu likugwa pa 18, kotero kuti msika tidzaupeza popanda kusuntha chilichonse, ndipo nditamuimbira mng'ono wanga usiku wathawu anaseka n'kundiuza kuti anawerengera kale zimenezi pokonza ulendo, kungoti mkulu wake sanamupatse mpata wofotokoza. Tagwirizana kuti Loweruka m'mawa tidzakhala kumsika, masana ku Saseongam, ndipo Lamulungu ku Hwaeomsa, kumene ndidzayendeko pang'ono m'njira yakaleyo kuti ndione miyala yake ndi maso anga. Za Lolemba sitinamalize: ine ndikufunabe Kojae, iye akufuna basi ya ku Seongsamjae, ndipo wanena kuti adzandidikira pamwamba ndi tiyi wotentha. Achemwali, ndifunse chinthu chimodzi chotsiriza: jekete imene mwanenayo ndiyenera kuifunafuna pakaunjika ku Mangochi boma ndisananyamuke, kapena ndi bwino kukagula ndikafika ku Gwangju?