Kodi 4,294,967,297 ndi prime kapena ayi?

Wokonza mayeso: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni. Ndikukonza funso loti ophunzira asankhe ma prime (manambala oposa 1 ogawika ndi 1 ndi iwo eni basi) pa 3, 5, 17, 257, 65,537 ndi 4,294,967,297. Zonsezi zimachokera pa 2 wokwezedwa ku 1, 2, 4, 8, 16 ndi 32, n'kuwonjezera 1. Kapulogalamu kanga kakuti yomalizayi ndi prime, koma mtima ukukana. Pa mayankho ndilembe chiyani?

Madamu a masamu: Musalembe kuti ndi prime, aphunzitsi. Tengani kakyuleta muchulukitse 641 ndi 6,700,417, ituluka yomweyo. Katswiri wa masamu Fermat ankaganiza kuti manambala onse a mtundu umenewu ndi ma prime, ndipo katswiri wina, Euler, ndi amene anapeza 641 mu 1732.

Wokonza mayeso: Yatulukadi. Nanga kapulogalamu kandinamiza bwanji?

Wa makompyuta: Kakuyesa bwanji? Ngati kakukweza 2 ku n − 1 (n kukhala nambala ikuyesedwayo) n'kuona ngati chotsala pogawa ndi n chili 1, vuto ndi limenelo. Nambala iyi imakhoza mayeso amenewo ngakhale si prime, chifukwa inamangidwa kuchokera pa 2 yemweyo. Sinthani muyike 3, igwidwa pompo. Onaninso malo amene mukuisunga. M'malo a ma bit 32 (madijiti 32 a 0 kapena 1 a mu kompyuta) siikwana, imasefukira n'kutsala 1 basi.

Wokonza mayeso: Kakugwiritsa 2 ndithu. Ndasintha, tsopano kakukana.

Wakale pantchito: Chabwino, koma ine nkhawa yanga ndi mwana amene wakhala pa desiki. Njira zomwe timawaphunzitsa sizimufikitsa patali. Nambalayi imathera ndi 7, ndiye 2 ndi 5 atuluka, sangaigawe. Madijiti ake akaphatikizidwa akukwana 59, ndiye 3 watuluka. Kenako? Ayese ma prime onse mpaka afike pa 641? Amenewo si masamu, n'chibalo. Euler mwiniyo sanavutike choncho. Anaonetsa kuti prime iliyonse yogawa nambalayi iyenera kukhala 64k + 1, kutanthauza 64 wochulukitsidwa ndi nambala yathunthu n'kuwonjezera 1. Ma prime otere ndi 193, 257, 449, 577, 641. Wachisanu ndi yemweyo. Muwapatse chingwe chimenechi m'funsomo, apo ayi mukungoyesa amene anamvapo mbiri.

Madamu a masamu: Ndikugwirizana nanu, akulu. Kwa ana akuthwa pali njira yokoma kuposa. 641 ndi 5 × 128 + 1, komanso ndi 625 + 16. Tikangoona chotsala pogawa ndi 641, 5 × 2⁷ ali ngati −1, choncho 5⁴ × 2²⁸ ali ngati 1. Koma 5⁴ ali ngati −2⁴. Ndiye −2³² ali ngati 1, kutanthauza kuti 2³² + 1 igawika popanda chotsala. Mizere inayi pa bolodi, kakyuleta ili m'thumba.

Wa makompyuta: Ngati pali gawo loti aiike m'magulu: 6,700,417 ndi prime, ndiye ma factor ake ndi anayi okha, 1, 641, 6,700,417 ndi iyo yomwe. Atatu oyambawo pamodzi ndi 6,701,059, kutali kwambiri ndi nambalayo, choncho ndi deficient, nambala yoposa ma factor ake enawo akaphatikizidwa.

Wokonza mayeso: Zikomo nonse. Ndiligawa pawiri. Loyamba ayese ma 64k + 1, lachiwiri atchule ma factor onse. Umboni wa madamu ndiusungira m'kalasi.

Wakale pantchito: Muonetsetse kuti makakyuleta awo akuonetsa madijiti 10. Ya madijiti 8 iwasokoneza pogawa.