Kodi kamunthu ka ndevu kotchedwa leprechaun ndi ndondocha ya azungu?

Mayi wa ku Chinamwali:

Abale, ndikupempha amene mumadziwa miyambo ya anthu a ku Ireland kuti mundithandize. Ndinagulira mwana wanga juzi pa kaunjika mumsika waukulu wa Zomba, ndipo pachifuwa pake anajambulapo kamunthu kakafupi ka ndevu zofiira, kovala chisoti ndi jekete zobiriwira, katafukata mphika wodzaza ndi ndalama za golide, m'munsi mwake atalembamo kuti leprechaun. Apongozi anga akaniratu kuti mdzukulu wawo asaivale, ati kameneka ndi ndondocha ya azungu yokokera chuma cha kukhwima. Kodi kamunthuka n'chiyani kwenikweni, nanga mantha a apongozi angawa ali ndi maziko?

Mphunzitsi wopuma wa ku Domasi:

Mayi, apongozi anuwo musawaseke, chifukwa kwathu kuno kamunthu kakafupi kokhala pambali pa ndalama kamakumbutsadi zimenezo. Komabe ndondocha, monga momwe anthu amaifotokozera, ndi munthu amene mnzake wamupha m'matsenga n'kumusunga kuti azimugwirira ntchito, pomwe leprechaun wa m'nthano za ku Ireland alibe mbuye, sanaphedwe ndi wina aliyense, ndipo chuma chakecho amachibisa kuti munthu asachikhudze.

Nkhani yakale kwambiri imene imatchula tianthu timeneti inalembedwa cha m'zaka za m'ma 700. Imati Fergus mac Léti, mfumu ya ku Ulster, kumpoto kwa Ireland, anagona tulo m'mbali mwa nyanja, ndipo titatu mwa tianthuti tinamunyamula kuti timulowetse m'madzi, koma mapazi ake atakhudza madzi ozizira anadzidzimuka n'kutigwira tonse. Kuti atimasule, tinamupatsa mphamvu yoyenda pansi pa madzi. M'nkhani imeneyi mulibe golide.

M'nthano za pambuyo pake, leprechaun ndi kankhalamba kosoka nsapato kamene kamakhala kokha patchire, katavala epuloni ya chikopa, ndipo munthu amakazindikira pomva kulira kwa kanyundo kake kuseri kwa mpanda. Ukakagwira kamalonjeza kukuonetsa pamene kanakwirira golide, koma ukangocheuka ngakhale pang'ono, kazimiririka. Nthano imene imandikomera, yomwe wolemba wa ku Ireland Thomas Crofton Croker anaisindikiza mu 1825, ndi ya mnyamata amene anakagwira zolimba mpaka kanamulozera chitsamba china cha maluwa achikasu pakati pa munda waukulu. Poti analibe chokumbira, mnyamatayo anamangirira kansalu kofiira pachitsambapo, n'kukalumbiritsa kamunthuko kuti sikachotsa kansaluko, kenaka anathamangira kwawo kukatenga fosholo. Pobwerera anapeza kuti kansalu kake kalipo ndithu, koma chitsamba chilichonse m'munda monsemo chili ndi kansalu kofiira kofanana nako. Lumbiro silinaphwanyidwe, koma golide sanaoneke. Kwa ine kamunthuka ndi mbale wake wa Kalulu wa m'nthano zathu, amene amapambana amphamvu ndi adyera pogwiritsa ntchito nzeru basi.

Wophunzira za mbiri yakale, Chirunga:

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndiwonjezerepo chifukwa anzanga ena amakonda kufananiza leprechaun ndi Akafula. N'zoona kuti agogo athu amasimba za anthu aafupi amene ankafunsa mlendo kuti "Mwandionera pati?", ndipo wofuna kupulumuka ankayenera kuyankha kuti wawaonera kutali. Koma Akafula, kapena kuti Abatwa, anali anthu enieni, alenje amene anakhala m'dziko muno Amaravi asanafike, ndipo akatswiri amati zojambula zofiira za m'mapanga a ku Chongoni ku Dedza, malo amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake mu 2006, n'za iwowo. Leprechaun sanasiye phanga kapena fupa lililonse. Kuwaika pamodzi n'kuwachepetsa Akafula.

Bambo amene anakhalako ku Dublin, likulu la Ireland, tsopano ali ku Mulunguzi:

Ine ndiyankhe za chithunzi chenichenicho cha pa juziyo. Zovala zobiriwirazo n'zatsopano, chifukwa olemba a m'zaka za m'ma 1800, kuphatikizapo W. B. Yeats mu 1888, ankati kamunthuka kamavala jekete lofiira. Kusinthaku kukugwirizana ndi mbiri yowawa. Pa njala yaikulu ya ku Ireland ya kuyambira 1845 mpaka 1852, matenda ataononga mbatata ya kachewere, anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndipo enanso ochuluka chimodzimodzi anathawa m'dzikomo, ambiri kupita ku America. Kumeneko ana ndi adzukulu awo anakuza chikondwerero cha Patrick Woyera, nkhoswe ya dziko la Ireland, cha pa 17 Malichi, mtundu wobiriwira n'kukhala chizindikiro cha kwawo, ndipo amalonda anakaveka kamunthu kaja zobiriwira kuti kazigulitsa katundu. Timu ya basketball ya Boston Celtics ili nako pa chizindikiro chake mpaka lero. Choncho juzi yanuyo, mayi, iyenera kuti inasokedwera chikondwerero chimenechi kapena masewero, ndipo palibe za kukhwima pamenepo.

Eni ake ambiri a ku Ireland chithunzichi sachikonda kwenikweni, poti chimawakumbutsa mmene manyuzipepala a ku Britain ndi ku America ankawajambulira mowanyoza, ndipo amachiona ngati chogulitsa kwa alendo. Nthano zenizenizo ndiye amazisamala kwambiri. Pakati pa 1937 ndi 1939, ana a sukulu za pulayimale oposa 50,000 analemba m'makope zimene agogo awo ankawasimbira, ndipo makopewo akusungidwa ku University College Dublin, ambiri mwa iwo akuwerengeka pa intaneti. Nthawi zonse ndikadutsa pa nyumba yosungira zolemba zakale za dziko lathu kuno ku Zomba ndimalakalaka ana athu atatumidwa ntchito yotereyi agogo akadali moyo.

Chimene alimi ena a kumeneko amachipatsabe ulemu si leprechaun ayi, koma malinga akale ozungulira a m'minda ndi mitengo ina ya minga yoima payokha, imene amati ndi malo a mizimu ya m'nthano, ndipo sailima kapena kuidula. Mu 1999, pomanga msewu waukulu ku Latoon m'chigawo cha Clare, katswiri wa nthano Eddie Lenihan anadandaulira kamtengo kotere, ndipo omanga msewuwo anakalambalala osakadula.