Abwana akuti ndilowetse digger mu moat Lolemba, ndivomere?

Wa ku Suffolk: Anzanga a mashini ndithandizeni nzeru. Ndapeza ntchito pa famu ina kuno ku England, pali malo pomwe kalekale panali nyumba ya mwini dera, nyumbayo inagwa koma ngalande yamadzi yoizungulira, ija amati moat, ikadalipo, yadzaza matope ndi masamba moti ikununkha ndiye abwana akuti ndichotse zonse ndi digger. Pambali pali katchalitchi kamiyala, akuti timate simenti m'ming'alu. Ndalama ndi zabwino koma mtima ukukana.

Mdala wa ku Leeds: Achimwene musalize injini musanayang'ane pa webusaiti ya Historic England, bungwe loyang'anira malo a mbiri yakale. Malowo akakhala scheduled monument, kutanthauza kuti ali pa mndandanda wa malo akale otetezedwa ndi boma, lamulo la 1979 likuti kukumba popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo mlanduwo sugwera mwini famu yekha, woyendetsa mashini nayenso umamukhudza.

Wa ku Suffolk: Ndayang'ana, alipodi pa mndandanda. Koma vuto n'chiyani kuchotsa matope okha, akuluakulu?

Mayi wa ku Kent: Matopewo ndiye akusungidwawo achimwene. Ku England malo otere alipo pafupifupi 6,000, ambiri anakumbidwa pakati pa 1250 ndi 1350, ndipo zomwe zinagweramo nthawi imeneyo, matabwa a mlatho, nsapato zachikopa, njere za mbewu, siziwola chifukwa pansipo mpweya sufika, mukangozivuula zimauma n'kuphwanyika basi zaka 700 zatha tsiku limodzi. Kwinanso pansi anatsira dongo, bucket ya digger ikaboola madzi onse amathawa. Ine Ightham Mote, nyumba yakale yozunguliridwa ndi moat, ndili nayo pafupi, ndikapitako ndimangoima kuyang'ana madzi aja akugunda khoma lenilenilo, zimandikhudza.

Womanga wa ku Hereford: Za simenti iyayi chonde. Makoma amenewo anamangidwa ndi laimu, amapuma. Simenti imatsekera chinyezi mkati, kukazizira madzi aja amaundana mwala n'kung'ambika, ndaonapo khoma likusendeka ngati chinangwa. Laimunso osapaka nyengo yachisanu, sagwira. Ndipo suzumirani kudenga, mukakhala mileme imeneyonso ndi yotetezedwa.

Wa ku Suffolk: Zikomo nonse. Ndawaimbira abwana, poyamba anakalipa kuti ndi malo awo, koma nditatchula za khoti avomera kulembera Historic England kuti abwere aone. Digger ndabweza. Akulu a ku Hereford, chilolezo chikatuluka mungabwere mudzandionetse kasakanizidwe ka laimu? Sindinagwirepo.

Womanga wa ku Hereford: Ndibwera, koma tidikire kutenthe kaye, cha mu Epulo.